Munthu Wolakwa Pakati pa Mwambo: Mabuku Omera M'mapiri a Dowa

Msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima ukangodutsa Chankhungu umayamba kukhotakhota, ndipo pofika pa Chezi wapaulendo amakhala ali pakati pa mapiri. Minibasi ikaima, amayi amathamangira kumawindo ndi mabeseni a tomato, kabichi ndi mbatata, kenako galimoto imatsetsereka kulowera ku Mvera. Ambiri amalidziwa derali chifukwa cha ndiwo zamasamba. Ndi ochepa amene amakumbukira kuti Chichewa cholembedwa, chomwe ana amalembera mayeso lero, chinakulira m'mapiri omwewa.

Mu 1889 A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni pa Mvera, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni. Mu 1894 Robert Blake anatsegula ina pa Kongwe, ndipo Nkhoma inatsatira mu 1896. Pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, W.H. Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi achikuda omwe mayina awo satchulidwatchulidwa, anagwirapo ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922. Sukulu za m'midzi zomwe zinamera kuchokera m'mamishoni atatuwa zinkaphunzitsa anthu zilembo kuti aziwerenga Baibulo. Koma ena mwa ophunzirawo atagwira cholembera anayamba kulemba za kwawo: za makolo awo, za milandu ya pabwalo, za nkhondo ya Angoni, za njala. Vuto linali limodzi. Makina osindikizira anali a mishoni, ndipo mwini makina anali ndi maganizo ake pa zomwe Mchewa ayenera kusiya ndi zomwe ayenera kusunga.

Wolemba wofuna kuika anthu a mtundu wake papepala amapeza njira ziwiri patsogolo pake. Akhoza kundandalika miyambo, mutu ndi mutu: kubadwa, chinamwali, ukwati, maliro, chilichonse ndi tanthauzo lake. Akhozanso kutenga munthu mmodzi wokhala ndi zofooka zake n'kumusiya pakati pa miyamboyo kuti tione mmene imugwirire. Mwambo wondandalikidwa uli ngati khasu lopachikidwa kudenga: umatha kuona mpini ndi msuka wake, koma sungadziwe kuthwa kwake mpaka wina atalimira pouma. Mabuku a kuno amene akadali ndi moyo ndi omwe anatsata njira yachiwiriyi, ndipo amene anaitsegula ndi a Samuel Josia Nthara.

A Nthara anabadwa mu 1905 ndipo anamwalira mu 1976. Anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Asanakwanitse zaka 30 analemba Nthondo n'kulitumiza ku mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero ndi zikhalidwe za mu Africa, la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linapata mphoto. Linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young, yemwe anakhalapo mmishonale ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, ndipo mawu otsogolera analemba ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. Nthondo anatsogola Things Fall Apart wa Chinua Achebe ndi zaka 25.

Luso loyamba la a Nthara lili pa kusankha mwininkhani. Nthondo si mwana wabwino. Bambo ake amamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo amakula ali wakuba ndi wovuta, wosautsa amayi ake ndi mudzi womwe. Mphunzitsi wa mishoni akadatha kusankha kamnyamata kofatsa, komvera, koti ana a sukulu atengerepo chitsanzo. Akadatero, bwenzi bukuli litafa kalekale. Mwana womvera sakhazika akuluakulu pansi. Wakuba ndiye amasonkhanitsa anthu, amachititsa kuti eni mbumba aitanidwe, amadzutsa funso lakuti mlanduwu ugwera yani ndipo alipira ndani. Chifukwa chakuti Nthondo amalakwa, malamulo a mudzi wa Achewa amakakamizika kuyenda, ndipo wowerenga amawaona akugwira ntchito popanda wina woima pambali kuti aziwatanthauzira.

Luso lachiwiri ndi kusathamanga. Bukuli limayambira pa kubadwa kwa Nthondo n'kukathera pa imfa yake, ndipo a Nthara amakhalitsa pomwe wolemba wa masiku ano angadumphe ndi chiganizo chimodzi: yemwe amalowa m'nyumba mwana akabadwa ndi yemwe amadikira panja, zomwe anthu amachita munthu akadwala, mmene mawu a maliro amayendera. Amalola apangankhani awo kuti alankhule monga amalankhulira anthu akumudzi, moyamba ndi malonje, mozungulira, mfundo ikubwera pambuyo. Wowerenga wothamanga amati nkhani ikuchedwa. Koma kuchedwako ndiko chikhalidwe chomwe bukuli likusunga. Mchewa sanena za imfa asanapatsidwe mpando, ndipo buku lomwe lingamunenetse motero lanama, ngakhale mfundo zake zonse zitakhala zoona.

Nthondo akakula amapita kumwera kukafuna ntchito, monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo, pomwe msonkho wa nyumba unkathamangitsira amuna ku Halale ndi ku Joni, ena n'kusanduka matchona. Amabwerera, ndipo patsogolo pake amalowa ufumu. Munthu amene mudzi unkadandaula naye ndiye amadzakhala woweruza milandu ya anzake. Pamenepa pali nzeru yakuya ya kaganizidwe ka Achewa, yakuti munthu satayidwa, ndipo a Nthara amaionetsa osailalikira.

Kenako amabwera mathero. Aphunzitsi a mishoni amafika, Nthondo amatembenuka mtima, amafa ali Mkhristu. Palibe cholakwika kuti mwininkhani atembenuke; anthu zikwizikwi a m'mapiri a Dowa anatembenukadi, ndipo a Nthara eni ake anali Mkhristu wokhulupirika. Cholakwika chili pa kalembedwe. Wolemba yemwe anatipatsa masamba ambiri kuti tione mwana akuipa amatipatsa ochepa kuti tione mkulu akusintha. Chichewa chomwe chinali ndi thukuta ndi utsi chimauma n'kuyamba kumveka mwa pa guwa. Wowerenga amamva kuti pakhomo paima munthu wina amene akudikira kuti bukuli lithe mmene iye akufunira.

Izi sizinachitikire a Nthara okha. Ku Lesotho, Thomas Mofolo anamaliza buku lake la Chaka cha m'ma 1910, koma a mishoni ya ku Morija analisunga mpaka 1925 chifukwa linkaoneka lopatsa mphamvu zinthu zachikunja. Wowerenga mabuku a nthawi imeneyo ayenera kudziwa poika khutu. Mawu enieni a wolemba amapezeka pakati pa buku, pomwe mwini makina sankayang'anitsitsa. Kumapeto n'komwe kunkaperekedwa msonkho.

Buku la a Nthara lomwe munthu wa pa Chezi, wa ku Mponela kapena wa ku Ntchisi ayenera kulifunafuna koposa onse ndi Msyamboza, lomwe Young analimasuliranso mu 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise. Iyi ndi mbiri ya munthu weniweni, mfumu ya mudzi wa Chibanzi kufupi ndi Kongwe, yomwe inamwalira mu 1926 itakalamba kwambiri. Moyo wake unadutsa m'zaka zoopsa kwambiri za derali. Angoni a Chiwere atakhazikika m'mapiri a kum'mawa kwa Dowa, midzi ya Achewa inamanga malinga, ina inathawira m'phiri la Ntchisi, komwe nkhalango yowirira ija inasanduka pobisalira. Kunyanja, pa Nkhotakota, kunali Jumbe, ndipo njira yomwe inkatsitsa minyanga ya njovu ndi yomwenso inkatsitsa akapolo.

Wolemba wa mtima wofulumira akadalemba zaka zimenezi ndi misozi yokhayokha: Achewa ozunzika, Angoni ankhanza, mmishonale mpulumutsi. A Nthara anapeza munthu amene salowa m'chikombole chimenecho. Msyamboza anali mlenje wa njovu, anagulitsa minyanga, anapeza mfuti, anateteza anthu ake. Mtendere utabwera anatembenukira ku dothi: ulimi wothirira m'chilimwe, mbewu zachilendo monga tirigu, ndipo pamapeto pake sukulu m'mudzi mwake. Bukuli silinena kuti Achewa ndi anthu opirira. Limaonetsa mwamuna akuganiza za mawa, akuyesa ichi, chikakanika n'kuyesa china, akukambirana ndi amphamvu kuposa iye popanda kugwada. Kupirira kwa m'bukuli kuli m'zochita, ndipo n'chifukwa chake kumakhulupirika.

Palinso chinthu china chomwe chimachititsa Msyamboza kuposa Nthondo. Mfumuyi nayonso imalandira mishoni, koma apa wowerenga sadabwa. Munthu amene moyo wake wonse anali woyesa zatsopano, kuyambira mfuti mpaka tirigu, n'zomveka kuti sukulu ndi chipembedzo chatsopano anazilandiranso ndi mtima womwewo. Mathero amatuluka m'khalidwe la mwininkhani. Pomwe a Nthara ankalemba, anthu omwe anaiona mfumuyi ndi maso anali akadali moyo, ndipo wolemba wozunguliridwa ndi mboni zotere sangapinde munthu mmene akufunira. Choonadi cha mbiri chinawateteza ku ulaliki womwe unafooketsa buku lawo loyamba.

Mbiri ya Achewa, yomwe inayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1940, ndi ntchito ya mtundu wina, ndipo zotsatira zake n'zolemera kuposa za mabuku ena onse. A Nthara anasonkhanitsa zonena za akuluakulu: ulendo wochokera ku Uluba, Kaphirintiwa, ufumu wa Kalonga, kupatuka kwa Undi, mafumu onga Mwase ndi Mkanda, kusiyana kwa Aphiri ndi Abanda. Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi, womasulira ali W.S. Kamphandira Jere, ndemanga zili za Harry Langworthy. Popanda bukuli zambiri zikadalowa m'manda pamodzi ndi ozidziwa.

Komabe kulemba mbiri ya pakamwa kuli ndi mtengo wake. Pabwalo mbiri imakanganirana. Mbumba iyi imati agogo athu ndiwo anayamba kufika padambo ili, mbumba iyo imakana, ndipo aliyense womvera amadziwa yemwe akulankhula ndi chimene akufuna. Papepala milomo yambiri ija imasanduka liwu limodzi losatsutsika. Ana omwe anawerenga bukuli kusukulu anakula, anakalamba, n'kukhala akuluakulu omwe ofufuza amakawafunsa, ndipo nthawi zina chomwe wofufuza amabwera nacho kuchokera kumudzi ndi buku lomwe lija litabwerera kudzera pakamwa. Kings M. Phiri, yemwe anamaliza kafukufuku wake wa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati ku yunivesite ya Wisconsin mu 1975, anachita kubwerera m'midzi kukamva mbiri za mafumu ndi mabanja payokhapayokha. Wolemba aliyense wofuna kutsata mapazi a a Nthara lero angachite bwino kusiya mikangano ija ionekere: atchule kuti awa amati chakuti, awo amati chakuti, ndipo asaope kusiya funso lili chitsegukire.

Liwu limodzi lija limakhalanso lokoma kwa andale. Mu 1946 Young yemweyo, pamodzi ndi dokotala wina wa ku Kasungu amene panthawiyo ankakhala ku Britain, Hastings Banda, anatulutsa Our African Way of Life, nkhani zitatu za John Kambalame, E.P. Chidzalo ndi J.W.M. Chadangalara. Patatha zaka 22, mu 1968, dokotala uja ali Pulezidenti, Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko lonse, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Buku lotamanda mtundu umodzi likhoza kusanduka ndodo yokwapulira mitundu ina. Ichi n'chifukwa chinanso chokondera mabuku okhala ndi anthu olakwa: Nthondo wakuba uja palibe angamunyamule pa msonkhano wa chipani.

Amene akufuna kuona mbiri ya pakamwa ikuyesedwa mwaulemu awerenge buku la Yusuf Juwayeyi la 2020, Archaeology and Oral Tradition in Malawi. A Juwayeyi anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, pomwe akuluakulu ankati panali likulu la Kalonga. M'dothimo munatuluka mapale, zitsulo, mkuwa, minyanga, mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Luso la bukuli ndi lakuti silidzudzula agogo ndipo siliwapembedza. Limaika zonena zawo pambali pa zomwe nthaka yaonetsa, n'kunena pomwe zikugwirizana ndi pomwe zikusiyana. Chomvetsa chisoni n'chakuti lili m'Chingerezi cha ophunzira, kutali ndi zidzukulu za omwe anaumba miphika ija.

Kusiyana kwa njira ziwiri zija kumaonekera bwino mwa wolemba mmodzi, John W. Gwengwe. Kukula ndi Mwambo ndi buku lofunika, lodzaza ndi malangizo ndi miyambo ya kakulidwe ka mwana, ndipo mphunzitsi kapena wofufuza amapezamo zambiri. Koma funsani anthu omwe anaphunzira sukulu zaka zapitazo kuti akukumbukira buku liti la a Gwengwe, ambiri atchula Sikusinja ndi Gwenembe, nthano ya nsanje ndi kupha m'bale, ndi mbalame yomwe imaimba mpaka chinsinsi chitaululika. Mwambo wonse wokhudza ubale, magazi ndi mlandu wosabisika uli m'nthanoyo, ndipo umalowa mumtima chifukwa wabwera ndi wakupha.

Pali gawo lina la moyo wa Achewa lomwe mabuku a mishoni ankalizemba kapena kulitchula monyansidwa, ndilo Gule Wamkulu. Ku Dowa ndi ku Ntchisi, komwe ng'oma za gule zimamveka chaka ndi chaka pa maliro, pa ziliza ndi polonga ufumu, buku lonena za Achewa lopanda gule ndi loperewera kwambiri. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lotchedwa Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, anaonetsa mmene nyau zinalimbanirana ndi mamishoni ndi sukulu zawo m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Kulimbanako sikunali kwa ndodo zokha. Gule anatenga anthu a m'chipembedzo chatsopanocho n'kuwavina: Maliya, Simoni wa nkhope yofiira. Pomwe aphunzitsi ankalemba za mudzi papepala, mudzi nawo unkalemba za mishoni pabwalo, ndipo zolemba za pabwalozo sizinkadutsa kwa mwini makina aliyense.

Amene analemba za gule moleza mtima kuposa ambiri ndi wansembe wa Katolika. Bambo Claude Boucher Chisale, ochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo mu 2012 anatulutsa When Animals Sing and Spirits Dance. Kalembedwe kawo ndi koyenera kuphunzirako. Sanena za gule ngati chinthu chimodzi chachikulu chosaoneka nkhope. Amatenga chilombo chimodzichimodzi, Chadzunda, Kasiyamaliro ndi ena ambiri, n'kufotokoza maonekedwe ake, kavinidwe kake, nyimbo yake ndi khalidwe lomwe chikudzudzula. Ndipo zilombo zambiri za gule zimavina anthu olakwa: waulesi, wachiwerewere, mkamwini wosalemekeza apongozi, mfumu yadyera. Gule anadziwa kalekale chomwe a Nthara anachipeza mu Nthondo, kuti mwambo umaphunzitsika bwino poonetsa woulakwira.

Apa wolemba wa Chichewa amakumana ndi funso lomwe mlendo sakumana nalo mofanana: zingati zoti zilembedwe? Bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi mu 2005, koma za kudambwe zikadali za olowa okha. Wolemba waluso sasowa kuswa chinsinsi kuti nkhani yake ikhale yoona. Zoonekera pabwalo n'zokwanira: fumbi, mantha a ana, amayi oyankha nyimbo, banja lomwe lagawanika chifukwa mwana mmodzi ndi mkulu wa mpingo pomwe wina ndi wolowa. Kudziwa poima ndi mbali ya luso, ndipo wowerenga wa kuno amazindikira msanga wolemba amene wakhala chete chifukwa cha ulemu ndi amene wakhala chete chifukwa sakudziwa.

Buku la kupirira lomwe dziko lapansi limalidziwa kwambiri kuchokera m'chigawo chapakati ndi The Boy Who Harnessed the Wind, la 2009, lomwe William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer. A Kamkwamba anabadwira ku Dowa mu 1987 n'kukulira ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Mitu yonena za njala ya 2001 ndi 2002 ndi ina mwa masamba amphamvu kwambiri omwe Mmalawi analembapo pa nkhaniyi. Mphamvu yake ikuchokera pomwe ikuchokera ya Msyamboza: kutchula zinthu. Banja likudya kamodzi patsiku. Gaga asanduka chakudya cha anthu. Mzere wa pa ADMARC usanduka nkhondo. Galu wa William, Khamba, awonda mpaka kufa. Mnyamata achotsedwa sukulu chifukwa chosowa fizi, apeza buku la zamagetsi mu laibulale yaing'ono, atola fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki ndi dayinamo ya njinga, anthu akumuti wapenga. Palibe chiganizo chopempha chisoni, ndipo n'chifukwa chake chisoni chimabwera chokha.

Koma amene wawerenga Nthondo amazindikira mafupa a nkhaniyi. Mitu yoyambirira imaika ufiti, asing'anga ndi Gule Wamkulu mumtanga umodzi wa zoopsa za ubwana, zofotokozedwa mokomera maso a wowerenga wakunja, ndipo nkhani imayenda kuchoka mumdima umenewo kupita ku kuwala. Mu 1933 kuwalako kunali ubatizo. Mu 2009 ndi babu loyaka ndi mphepo. Mwini makina wasintha, tsopano ali ku New York, koma akufunabe mathero a mtundu womwewo, oti Mchewa apulumuke posiya za kwawo. Filimu ya 2019 yomwe anatsogolera Chiwetel Ejiofor, yomwe mbali yaikulu ili m'Chichewa, inayesa kukonza pamenepa polola gule kuti aoneke pa maliro ndi ulemu wake. Bukulo likadali loyenera kuwerengedwa m'nyumba iliyonse, koma liwerengedwe ndi khutu lomwe lija, lomvetsera pakati.

Mabuku onsewa ali ndi mpata umodzi waukulu. Achewa amatsata kuchikazi. Mudzi ndi wa mbumba, mwamuna amabwera chikamwini, mwana ndi wa kwa amayi ake, ndipo m'mbiri yakale wolamula mvula ku Msinja anali Makewana. Koma olemba onse atchulidwa pano ndi amuna, ambiri a iwo ophunzitsidwa ndi mishoni yomwe inkafuna banja loti bambo ndiye mutu. A Nthara anayesa kuika mkazi pakati m'buku la Nchowa, la 1949, koma mkaziyo amaonedwa ndi maso a mwamuna wofuna kumuwongola. Namkungwi, mzamba, agogo aakazi omwe amadziwa malire a munda uliwonse, m'mabukumu amangodutsa atasenza madzi. Chimodzimodzinso zidzukulu za Angoni a Chiwere, zomwe lero zimalankhula Chichewa pakhomo ndi kukwatirana ndi zidzukulu za omwe ankabisala m'malinga: nkhani ya munthu wokhala ndi magazi a mbali zonse ziwiri ikudikirabe wolemba wake.

Nkhani zoti zilembedwe zilipo, ndipo zikuchitika pakali pano. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti munda wa kumudzi ulembetsedwe m'dzina la munthu kapena banja. M'midzi yotsata kuchikazi funso lakuti dzina lolembedwalo likhale la yani, la mkazi, la mkamwini amene waulima zaka 20, kapena la malume amene ndi mwini mbumba, likhoza kugawa nyumba pakati. Wolemba wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amene angatenge namkungwi mmodzi, wanzeru koma wokondera, wosunga mwambo koma wofunanso kuti mdzukulu wake apeze malo a m'mbali mwa msewu, n'kumuika pakati pa mlandu wotere, adzakhala ndi zonse zomwe a Nthara anali nazo mu 1933. Adzakhalanso ndi chimodzi chomwe iwo analibe, chifukwa lero buku la Chichewa likhoza kusindikizidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre popanda wina wolamula kuti namkungwiyo alape pa tsamba lomaliza.